Mankhwala akachepa kwambiri mu plasma, musathamangire kugula makina ena

Wowerenga wina wa mu labotale watilembera imelo. Akuti akamayeza mankhwala mu plasma (madzi a m'magazi) ndi LC-MS/MS (makina olekanitsa mankhwala n'kuwayeza potengera kulemera kwake) zinthu zimayenda bwino, koma mlingo ukatsika pansi pa 1 ng/mL zotsatira zimangosinthasintha. Sampulo amaikonza pogwetsa mapuloteni ndi acetonitrile basi. Kodi agule makina amphamvu kuposa omwe ali nawo?

Ayi, yambani mwaona kakonzedwe ka sampulo. Magawo atatu a acetonitrile pa gawo limodzi la plasma amagwetsadi mapuloteni, koma ma phospholipid, mafuta ena a mu plasma, amatsalira. Akatuluka mu column (kachubu kolekanitsa mankhwala) nthawi imodzi ndi mankhwala anu, amalimbirana nawo chaji pa electrospray (pamene makina amapatsa mankhwala chaji kuti awaone) ndipo signal imafooka. Mafutawa amachuluka mosiyana mwa munthu aliyense, n'chifukwa chake zotsatira zikuvinavina. Komanso mwasungunula sampulo kanayi, pomwe mankhwalawo anali ochepa kale.

Kuti mutsimikize, lowetsani mankhwala mosalekeza pambuyo pa column ndi syringe pump, kenako bayani plasma yopanda mankhwala. Pomwe mzere wa signal wagwa ndi pomwe pali vuto. Tsatiraninso m/z 184, chizindikiro cha ma phospholipid ambiri pa makinawa, muone nthawi imene mafutawa akutuluka.

Ngati akugundana ndi peak ya mankhwala anu, sinthani gradient (kasakanizidwe ka madzi oyenda mu column), koma chothandiza kwenikweni n'kuwachotseratu. Yesani 200 µL ya plasma ndi 1 mL ya MTBE, chosungunulira chosasakanikirana ndi madzi. Ngati mankhwala ali a base, kwezani pH kaye kuti asamukire mu MTBE. Gwedezani mphindi 5, zunguzani mu centrifuge, tengani MTBE ya pamwamba, muiumitse ndi nitrogen pa 40 °C, n'kusungunulanso mu 100 µL. Mankhwala okonda madzi satuluka bwino motere, amafuna SPE (kudutsitsa sampulo mu kachubu kogwira mankhwalawo).

Internal standard (mankhwala ofanana ndi anu, oikidwa mu sampulo iliyonse kuti muziyerekezera) ilowe musanayambe chilichonse, osati kumapeto. Yoikidwa chizindikiro cha 13C (kaboni wolemererapo) ndiyabwino. Ya deuterium (haidrojeni wolemererapo) nthawi zina imatuluka msanga pang'ono, n'kuphonya malo amene signal ikufooka.

Ambiri amaiwala zotsalira mu singano. Bayani blank (sampulo yopanda mankhwala) mutangomaliza standard ya mlingo waukulu kwambiri. Malangizo a ICH M10 a 2022, omwe mayiko ambiri amatsata poyeza mankhwala m'magazi, amati chotsalacho chisapitirire 20% ya signal ya LLOQ (mlingo wotsikitsitsa womwe njira yanu ingayeze modalirika), ndipo njira yanu iyesedwe pa plasma ya anthu osachepera 6. Pa LLOQ, zotsatira zisapatuke kupyola 20% kuchoka pa mlingo weniweni.