Madzi akundikhala pachifuwa ngati mwala: yankho kwa mayi wa ku Chelston

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chelston, kuno ku Lusaka. Dzina sinditchula, koma nkhani yake ndi iyi. Anakachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu ku India, ija madokotala amati sleeve gastrectomy, ndipo pomwe amalemba n'kuti patapita masiku 9. Akuti akamwa madzi, ngakhale pang'ono, amamukhala pachifuwa ngati wameza mwala. Tsiku lonse satha ngakhale botolo limodzi la mamililita 500. Apongozi ake abwera kuchokera ku Chipata kudzamusamalira, ndipo m'mawa uliwonse amamubweretsera phala ndi maheu, n'kumati munthu sangachire ndi madzi okha. Funso lake: kodi pali chomwe chalakwika, ndipo apongozi awayankhe bwanji?

Mayi, ndiyambe ndi mwala umenewo. Inenso ndinaumeza, zaka zingapo zapitazo, ndipo ndimaukumbukira bwino. Pa opaleshoni imene munachitidwayo, madokotala amachotsa pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a chifu. Chimatsalacho chimakhala chachitali, chopyapyala ngati nthochi. Masabata oyambirira chimakhalanso chotupa chifukwa cha bala, ndiye njira yake imachepa kwambiri. Pamene kale mumagugudiza kapu yonse mutaima pa sinki, pano mkamwa umodzi wokha ungakwane kudzaza. Mwala uja nthawi zambiri umakhala madzi ndi mpweya zimene zapanikizana pamalo opapatiza. Kutupako kukamachepa, nawonso umapepuka.

Koma theka la lita patsiku silikukwanira ngakhale pang'ono, ndipo pamenepa ndi pomwe ndikufuna tikhalepo. Odwala ambiri amauzidwa kuti azimwa malita 1.5 mpaka 2 patsiku, ndipo kusowa madzi m'thupi ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu zimene zimabwezera anthu kuchipatala pambuyo pa opaleshoniyi. Vuto lake n'lakuti simungadikire ludzu. Munthu wachifu chathunthu akaiwala kumwa m'mawa wonse, masana amagugudiza makapu atatu n'kulipira ngongole. Inu ngongole imeneyo simungailipire, poti malo oithira palibe. Onjezanipo dzuwa la Okutobala kuno ku Lusaka, lija limawotcha ngakhale uli pamthunzi, ndi magetsi akazima fani n'kuima, mudzaona kuti thupi likutaya madzi msanga kuposa momwe mukuwabwezera.

Chimene chinandithandiza ine ndi kakapu kaja kamabwera ndi mankhwala a chifuwa a ana. Pezani kamene kamafika mamililita 30, kapena yezani masipuni akulu awiri. Ikani alamu pafoni kuti izilira mphindi 15 zilizonse. Ikalira, imwani kakapuko m'mikamwa itatu kapena inayi, mutakhala tsonga, osati chogona. Ndi mamililita 120 pa ola, ndipo pa maola 14 amene muli maso mukhala mutadutsa lita ndi theka. Ine ndinkachita kulemba timizere pachikuto cha kope la masamu la mwana wanga, kamzere kamodzi kakapu kamodzi. Zimatopetsa, ndisaname. Tsiku lachitatu ndinkafuna kuiponya m'ndowa foniyo. Koma mkodzo unayamba kuyera, ndipo chizungulire chija chinkandigwira ndikamadzuka pampando chinatha.

Kanthu kena kamene ambiri samakayembekezera: madzi wamba ndi amene amavuta kwambiri. Ena amatsika bwino akakhala ofunda, ena akakhala ozizira kwambiri. Kwa ine anali ofunda, a mufulasiki, nditaponyamo katsamba ka tiyi wa mandimu wa kuseri kwa nyumba. Rooibos nayenso ndi wabwino chifukwa alibe caffeine. Yesani mpaka mupeze anu. Kapaipi komwera kasiyeni kaye, chifukwa kamalowetsa mpweya. Zakumwa za gasi ayi, mowa ayi.

Tsopano za apongozi. Musakangane nawo. Kwathu kuno wodwala akakana chakudya, nyumba yonse imagwidwa mantha, ndipo mayi amene wakwera basi ulendo wonse wa Great East Road sangakhale manja lende akuona mpongozi wake akumwa madzi ndi kakapu ka ana. Pa mfundo imodzi akunena zoona: thupi limafuna zomangira kuti bala lipole. Ambiri amauzidwa kuti azipeza magalamu 60 mpaka 80 a mapuloteni patsiku. Kungoti maheu ogula m'sitolo ali ndi shuga wambiri ndipo mapuloteni ndi ochepa. Shuga wotere akathamangira m'matumbo amatha kubweretsa thukuta, mtima kugunda, nseru ndi kutsegula m'mimba, zimene madokotala amati dumping syndrome. Zimachitika kwambiri kwa amene anachitidwa opaleshoni ina ya chifu yotchedwa gastric bypass, koma a sleeve nawonso zimawapeza. Munkoyo ndi thobwa zidikire. Phala lolimba lidikirenso mpaka dokotala wanu atakulolani kuchoka pa zamadzimadzi, zimene kwa ambiri zimachitika pakatha masabata awiri kapena kuposerapo. Nsima ndiye iiwaleni kaye kwa nthawi yaitali ndithu, imakhala m'chifu ngati simenti.

Ndiye apongoziwo apatseni ntchito ina. Awiritse nkhuku ya kumudzi mpaka ifewe, aengule mafuta onse pamwamba, asefe msuziwo kawiri pa sefa wa tiyi. Ngati pepala limene munapatsidwa potuluka m'chipatala likulola za mkaka, mkaka wopanda mafuta ndi yogati yopanda shuga zilowe m'ndandanda. Kapu ya mamililita 250 ya mkaka ili ndi magalamu pafupifupi 8 a mapuloteni, ndipo mukathiramo mkaka waufa wopanda mafuta amawonjezeka. Ngati mumakonda mabisi, akhale ogula m'paketi, osati a m'chigubu cha pamsika. Foni ya alamu ija muwapatsenso iwo. Amayi anga ataigwira yanga anasanduka kapitawo, kundilondola ndi kakapu mpaka pakhonde, uku akuuza aneba kuti mwana wawo ali pa "mankhwala a madzi". Sindinawatsutse.

Pali zina zimene si za kakapu kapena msuzi, ndipo izi muziwerenge pamodzi ndi bambo a kunyumba. Mukaona kuti chilichonse chimene mwamwa chikubwerera kwa tsiku lathunthu, kapena mkodzo wachepa n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo akakuikeni diripi. Mtima ukamathamanga kufika pa 120 pa mphindi mutangokhala, thupi likatentha, m'mimba mukamapweteka mowonjezereka, kapena phewa lakumanzere likayamba kupweteka mwatsopano, musadikire kuti kuche. Zimenezo zingatanthauze kuti pamene anasoka pachifu pakudontha m'kati. Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, kapena mpweya ukayamba kubanika, akhoza kukhala magazi oundana, ndipo inu mwangochoka kumene pa ulendo wautali wa pandege. Kaya mupita ku chipatala chachikulu cha UTH kapena ku chipatala cholipira, nyamulani mapepala onse a ku India ndipo mukangofika nenani dzina la opaleshoniyo. Si aliyense wa pa kauntala amene adzaganizire zimenezo payekha.

Yendaniyendani pabwalo kangapo patsiku. Ibuprofen ndi diclofenac musamwe musanafunse dokotala, chifukwa zingayambitse zilonda m'chifu. Ngati mumamwa mankhwala a shuga kapena a BP, mlingo wake uyenera kuunikidwanso msanga, poti munthu amene akudya zochepa chonchi angathe kukomoka ndi mlingo wakale.

Munafunsanso, kumapeto kwa imelo yanu, ngati n'zachilendo kulira mukamva fungo la kapenta wokazinga kwa aneba. Ine ndinalirira chikanda, chimene kale sindinkachikonda n'komwe. Njala yeniyeni mwina simukuimva, chifukwa mbali ya chifu imene inachotsedwa ndi imene imapanga ghrelin wambiri, mahomoni oitanira njala. Chimene chikulira ndi chizolowezi, ndi kukhala pambali ena akusamba m'manja. Nthawi ya nkhomaliro muzikhala nawo pomwepo, ndi msuzi wanu m'kapu yabwino ya alendo ija. Mundilembere pakatha sabata, mundiuze timizere tafika tingati patsiku.