Khosi lowawa pambuyo pa ngozi: yambani mwaonana ndi dokotala

Achemwali, pepani kwambiri ndi ngoziyo. Mwati minibasi yomwe munakwera inagundidwa kumbuyo pa Ginnery Corner, munatsika muli bwinobwino, koma kutacha khosi linauma moti mukulephera kucheuka, ndiye anzanu akuti mupite kwa chiropractor, katswiri wowongola msana ndi khosi ndi manja, akaliwongole. Ine ndikuti dikirani kaye. Pasapezeke wokupotolani khosi dokotala asanalione.

Kuchedwa kwa ululuko si kwachilendo. Galimoto ikagundidwa kumbuyo, mpando umakankhira thupi kutsogolo mutu n'kutsalira, kenako mutuwo umaponyeka kutsogolo. Minyewa ya m'khosi imakokeka mwadzidzidzi, ndipo ululu umadzamveka pakadutsa maola angapo, mwinanso tsiku limodzi kapena awiri. Minibasi zathu zambiri n'zopanda chotsamira mutu, ndiye khosi limalandira zonse. Chomwe chikundidetsa nkhawa n'choti minyewa yokokeka ndi fupa long'aluka zimatha kuwawa mofanana. M'khosimo muli timafupa 7, ndipo pakati pake pamadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo.

Tengani buku lanu la kuchipatala mupite lero. Ngati mkono kapena mwendo ukuchita dzanzi kapena kufooka, mukusanza, mutu ukuwawa kwambiri, mukumva chizungulire, mukuona zinthu ziwiriziwiri kapena mkodzo ukungotuluka wokha, thamangirani ku Gulupu (chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre), kumalo olandirira ovulala, ndipo musakwere kabaza. Madokotala okuyezaniwo ndi omwe adzaone ngati pakufunika kujambula X-ray.

Akakuuzani kuti mafupa ali bwino, mtima ukhale m'malo, ambiri amachira pakadutsa milungu ingapo, ena miyezi iwiri kapena itatu. Musamangogona. Kolala yovala m'khosi kuti lisagwedezeke ija ambiri amaikonda, koma kuivala nthawi yaitali kumangoumitsa khosi. Muzitembenuza mutu pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere, kuwerama, kuyang'ana kumwamba, n'kulekera pomwe ululu wayamba kukula. Muthowe ndi kansalu ka madzi ofunda. Panado amathandiza, Brufen nayenso, koma Brufen musamwe ngati muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena muli oyembekezera. Ndowa ya madzi pamutu iyambe yadikira, komanso kuwerama pafoni nthawi yaitali. Pemphani akutumizeni ku mafizo, ku Gulupu komweko kapena ku Kachere Rehabilitation Centre.

Za chiropractor sindikuti n'zabodza. Njirayi anaiyambitsa D.D. Palmer ku America mu 1895, ndipo ena ovutika ndi msana amapeza nayo mpumulo. Koma kupotola khosi mwamphamvu mpaka kulira kuti "thwa" kuli ndi chiopsezo: mwa apo ndi apo kumang'amba mtsempha wopititsa magazi ku ubongo, munthu n'kudwala sitiroko. Sizichitikachitika, komabe khosi lanu langovulala kumene. Mukafuna kudzapita pambuyo pake, mufunse ngati ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi, muwaonetse zomwe dokotala walemba, ndipo muwauze kuti mukufuna kutikita ndi mafizo basi. N'chimodzimodzinso otikita minofu a m'makwalalamu.

Musaiwale lipoti la polisi, ndipo dokotala alembe m'bukumo tsiku la ngozi. A inshuwalansi adzafuna zonse ziwiri, pamodzi ndi malisiti a mankhwala.