Musasaine kalatayo, pitani mukakambirane nawo

Bambo, mwadandaula kuti saireni za maambulansi zikukusowetsani tulo inu ndi mwana wanu, koma ine ndikuti musasaine kalata ya anansi anu yofuna kuletsa maambulansi kudutsa mumsewu wanuwo. Pitani awiri kapena atatu kwa oyang'anira malo amene galimotozo zimanyamukira, mukapemphe kuti usiku, msewu ukakhala zii, madalaivala aziyatsa magetsi ophethira okha ndi kuliza saireni pamphambano basi. Pempho lotere angalimve, koma lotseka njira ayi.

Ine zinandionekerapo. Mayi anga atagwa m'bafa, kupuma kukuvuta, ndinaima pakhomo foni ili m'manja, makutu ali kumsewu. Saireni yomwe ija inkandikwiyitsa ikamadzutsa mwana, tsikulo nditaimva chapatali miyendo inasiya kunjenjemera. Mtima ukaima, ubongo umayamba kuwonongeka pakangotha mphindi 4 mpaka 6. Dalaivala akazungulira njira yaitali, mphindizo zimathera panjira.

Komabe dandaulo lanu ndi lomveka, kusowa tulo kumadwalitsa. Mwana azigona chipinda chakuseri, mazenera oyang'ana kumsewu muzitseka. Vutoli likapitirira milungu ingapo, kapena m'makutu mukamangolira, kaonaneni ndi dokotala. Ngati galimotozo zikuthamanga mosasamala pamene ana amasewera, lembani tsiku ndi nthawi, nkhaniyo mukaitule kukhonsolo kapena kwa apolisi apamsewu.