Mwana wanga akufuna kudzatsogolera madokotala a maopaleshoni, ayambire pati?

Mayi wina wandilembera sabata ino za mwana wake wamkazi yemwe ali Folomu 4. Akuti mtsikanayo anaona pa intaneti mayina a akuluakulu omwe amatsogolera bungwe la madokotala a maopaleshoni la COSECSA, aliyense ndi zilembo zambirimbiri kumapeto kwa dzina, ndiye kuyambira tsiku limenelo sakukambanso china, akuti naye akufuna adzakhale pamenepo. Bambo ake akuti zimenezo ndi za anthu omwe anaphunzira kunja, komanso sukulu yake ndi yayitali kwambiri mwana wamkazi angakalambire m'kalasi. Mayiwo akufunsa kuti kodi anthu amenewa anadutsa njira yanji, ndipo mwana wa ku sekondale ya boma wamba angafikeko?

Amayi, zikomo kwambiri polemba, ndipo ndiyankha inu ndi mwanayo pamodzi chifukwa nkhaniyi ndi ya banja lonse.

Tiyambe ndi bungwelo. COSECSA ndi koleji ya madokotala a maopaleshoni a kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Africa, inayamba mu 1999 ndipo ofesi yake yayikulu ili ku Arusha, ku Tanzania. Malawi ndi membala. Koma musaganize za koleji yokhala ndi mpanda ndi mahositelo ayi, ophunzira ake amaphunzirira m'zipatala zomwe bungwelo lazivomereza, kuno kwathu ndi monga Queens ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, ngakhale chipatala cha mishoni cha Malamulo ku Thyolo. Munthu amakhala akugwira ntchito, akuona odwala, akulowa mu fiyeta (chipinda chochitira opaleshoni) ndi dokotala wamkulu, opaleshoni iliyonse yomwe wachita kapena wathandizira amailemba mu logbook, kenako nkukalemba mayeso omwewo omwe mnzake wa ku Kenya kapena ku Ethiopia akulembanso.

Nde za utsogoleriwo, apa mpamene ndikufuna mwanayo amvetsetse bwino. Upulezidenti wa bungwe ngati limeneli si ntchito yoti umaona mu nyuzipepala nkulemba kalata yofunsira. Amakusankha ndi madokotala anzako, anthu omwe akhala akukuona zaka zambiri, akudziwa manja ako, akudziwa momwe umalankhulira ndi wophunzira yemwe walakwitsa, akudziwa ngati umabwera akakuimbira foni 2 koloko usiku. Ndipo mpandowo sukhalitsa, pakapita zaka zochepa wina amalowapo, iwe nkubwerera ku wodi yako yomwe sunaisiye nkomwe.

Taonani ena mwa omwe anakhalapo pa mpando umenewu. Pulofesa Miliard Derbew wa ku Ethiopia ndi dokotala wa maopaleshoni a ana ndipo waphunzitsa nthawi yayitali pa yunivesite ya Addis Ababa. Pulofesa Pankaj Jani ndi wa pa yunivesite ya Nairobi. Pulofesa Godfrey Muguti ndi wa pa yunivesite ya Zimbabwe. Ndiye pali Dokotala Jane Fualal wa ku Uganda, mayi yemwe wagwira ntchito zaka zambiri pa chipatala cha Mulago ku Kampala, wodziwika pa maopaleshoni a bere ndi a chithokomiro, iyenso anasankhidwa kukhala pulezidenti wa COSECSA. Bambo a mwanayu muwauze dzina limeneli.

Mayiko osiyana, luso losiyana, koma mukayang'anitsitsa onsewa ali ndi chinthu chimodzi chofanana, ndi aphunzitsi. Sanangokhala akatswiri odula ndi kusoka basi, anakhala akuphunzitsa achinyamata, kuyesa mayeso, kulemba kafukufuku, kukhala m'makomiti otopetsa aja okonza silabasi omwe palibe amene amakuombera m'manja. Ine ndimaona kuti ichi ndiye chimene ana athu sachiona akamayang'ana zithunzi za anthu atavala mikanjo ya pa mwambo, amaona tsiku limodzi la mkanjo koma zaka 25 za m'mbuyomo sizioneka pa chithunzi.

Kwathu kuno zitsanzo zilipo ndithu. Pulofesa Eric Borgstein, dokotala wa maopaleshoni a ana ku Queens, anakhalapo mlembi wamkulu wa COSECSA. Iyeyu anakulira m'banja la madokotala, bambo ake Jan Borgstein anali dokotala wa maopaleshoni pa Queens pomwepo ndipo mayi ake Ankie Borgstein anali dokotala wa ana, nde wina anganene kuti aaa ameneyo njira anaipeza yolambula kale. Zoona, kukulira m'nyumba yotero kumathandiza. Koma chimene chinamufikitsa pamenepo ndi zaka zambirimbiri zochita maopaleshoni a ana pa nthawi yomwe akatswiri otere anali osowa kwambiri m'dziko muno, ndipo pomwe chipatala cha ana cha Mercy James chinatsegulidwa mu 2017 ndi thandizo la Madonna, ntchito yophunzitsa achinyamata ena luso lomwelo inali itayamba kale. Palinso Pulofesa Nyengo Mkandawire wa mafupa, yemwe udokotala anakaphunzira ku Australia, za mafupa nkukazamira ku Britain, koma anabwerera kumudzi nkudzatsogolera dipatimenti ya maopaleshoni pa College of Medicine. Pulofesa Wakisa Mulwafu wa makutu, mphuno ndi pakhosi anakazamira ku Cape Town, nayenso anabwerera. Kubwererako ndi kumene ine ndimakulemekeza kwambiri, chifukwa kunjako ndalama zinalipo.

Apa ndiye pali mfundo ya bambo ija yoti anthuwa anaphunzira kunja. Bambo sakunama, koma akukamba za nthawi ina. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991, isanatsegulidwe aliyense wofuna udokotala amayenera kutuluka, ndipo ngakhale itatsegulidwa ukatswiri wa maopaleshoni anthu amakautengabe kunja kwa zaka zingapo. Nchifukwa chake akuluakulu ambiri a lero ali ndi mapepala a ku Britain, South Africa kapena Australia. Koma anthu omwewo ndi amene anavutikira kuti ana obwera m'mbuyo asamachite kuwoloka nyanja, COSECSA inayambira pa ganizo limenelo, kuti dokotala aphunzire pa odwala a kwawo, matenda a kwawo, ndi zida zomwe zilipo kwawo, ndipo akamaliza asathawe. A koleji ya madokotala a maopaleshoni ya ku Ireland akhala akuthandizana ndi bungweli kuyambira cha mu 2007 pa nkhani ya maphunziro ndi mayeso. Nde lero mwana atha kuyambira Folomu 1 mpaka kukhala katswiri wa maopaleshoni osapita kukakhala ku Ulaya.

Tsopano iwe mwana wanga, tiwerenge zaka limodzi, chifukwa sindikufuna ulowe m'zimenezi uli ndi maso otseka. Choyamba ndi MSCE yomwe ili pakhomo pakoyi. Bayoloje, kemisitiri, fizikisi, masamu ndi Chingerezi, maphunziro amenewa ukhoze bwino kwambiri, mapointi akhale otsika zedi chifukwa malo a udokotala ku KUHeS ndi ochepa ndipo olimbirana ndi ambiri. KUHeS ndi ija inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, inayamba kugwira ntchito mu 2021. Kufunsira malo kumadutsa ku NCHE, ndipo uziwerenga wekha zofunikira za chaka chimenecho, usamangomva za m'maluwa kwa anzako pa WhatsApp. Ukasankhidwa pali chaka chimodzi chokonzekera, kenako zaka 5 za digiri ya udokotala yotchedwa MBBS. Ukamaliza si kuti basi wakhala dokotala woima payekha, pali miyezi 18 ya internship, kugwira ntchito moyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu, kuzungulira mawodi, kugona kuchipatala, kenako Medical Council of Malawi nkukulembetsa mokwanira. Ambiri amagwirako kaye ntchito chaka kapena ziwiri, ena ku chipatala cha boma cha pa boma, ndipo ine ndimalimbikitsa zimenezo chifukwa kumeneko nkomwe umaphunzira kuganiza wekha pomwe wamkulu kulibe. Ukatero nkulowa maphunziro a ukatswiri, kaya digiri ya ukatswiri ya MMed ya pa yunivesite kaya njira ya COSECSA, yomwe ndi zaka 2 za gawo loyamba la MCS kenako zaka zitatu kapena kuposerapo za gawo lomaliza la FCS malinga ndi nthambi yomwe wasankha. Ena amachita zonse ziwiri nthawi imodzi.

Ukaphatikiza, ngati watuluka Folomu 4 uli ndi zaka 18 ndipo palibe pomwe wabwereza kapena kudikira, ukatswiri ukuupeza uli ndi zaka 31 kapena 33 cha pamenepo. Utsogoleri wa bungwe ngati COSECSA umabwera patsogolo kwambiri, anthu ambiri amafikapo imvi zitayamba.

Zikumveka zambiri eti? Koma amayi, pali chinthu chomwe makolo ambiri samachidziwa, ndipo ndi chimene chingawatsitse mtima bambo. Si zaka zonsezi zomwe mwana amakhala akudya za m'thumba mwanu. Zaka 6 zoyambazo ndi zomwe zili zolemera, fizi, malo ogona, chakudya, laputopu, ndipo pamenepo pali ngongole ya ophunzira ya boma yomwe mungafunsire. Kuyambira pa internship munthu amakhala akulandira kale malipiro, ochepa inde poyerekeza ndi ntchito yake, koma ndi wapantchito. Maphunziro a ukatswiri amachitika uku akugwira ntchito. Vuto lenileni pamenepo ndi kupeza malo ndi wolipirira mayeso ndi zina, zomwe nthawi zambiri zimadalira boma kapena mabungwe othandiza.

Za kukalambira m'kalasi ndisazembe, ndi nkhani yeniyeni. Zaka za ukatswiri zimagundana ndi zaka zomwe atsikana ambiri amakwatiwa ndi kubereka, ndipo kuitanidwa ku ntchito usiku uli ndi khanda kunyumba si masewera. Kafukufuku wina wa mu 2016 anapeza kuti m'mayiko a COSECSA amayi anali pafupifupi 9 okha pa madokotala a maopaleshoni 100 aliwonse. Nchifukwa chake mu 2015, pa msonkhano wa bungweli womwe unachitikira ku Blantyre konkuno, anakhazikitsa gulu la Women in Surgery Africa kuti amayi omwe adutsamo azigwira dzanja atsikana omwe akubwera. Alipo amayi omwe alera ana uku akuphunzira, chimene chinawathandiza ndi banja lomvetsa, amayi kapena achemwali otha kugwira mwana pomwe foni yalira. Nde funso loti kodi angathe, mbali ina likubwerera kwa inu makolo, kodi mudzamuimira?

Ndipo dziko likuwafuna anthu amenewa moopsa. Lipoti lalikulu la magazini ya zachipatala ya Lancet la mu 2015 linati anthu 5 biliyoni pa dziko lonse sangathe kupeza opaleshoni yabwino pa mtengo womwe angakwanitse, ndipo linati dziko lililonse lizikhala ndi akatswiri 20 a maopaleshoni, ogonetsa odwala ndi a uchembere pa anthu 100,000 aliwonse. Chigawo chathu, kafukufuku wa 2016 uja anapeza kuti dokotala wa maopaleshoni sakwana ndi mmodzi yemwe pa anthu 100,000. Aliyense amene anadikirapo ndi m'bale wake wothyoka mwendo pa ngozi ya kabaza akudziwa tanthauzo la manambala amenewa.

Nanga mapointi akapanda kukwana? Ndinene mwachidule chifukwa ndi nkhani ya tsiku lina. Maopaleshoni ambiri m'zipatala za m'maboma, makamaka a amayi oyembekezera ndi a mafupa, amachita ndi ma clinical officer, ndipo njira imeneyo imadutsa ku Malawi College of Health Sciences ndi makoleji ena a mishoni. Kulinso unamwino wa mu fiyeta ndi ntchito yogonetsa odwala. Koma ndisakunamize, kuti upeze FCS ya COSECSA pamafunika digiri ya udokotala, nde ngati mtima uli pamenepo penipeni, kubwereza MSCE kuti ukonze magiredi si chamanyazi.

Chinthu china chomwe ndimauza aliyense wofuna ntchito imeneyi, dziyese kaye ngati umaikonda ntchitoyo kapena dzina lake. Kuima maola 6 osakhala pansi, fungo la bala lomwe lachedwa kubwera kuchipatala, kutuluka mu fiyeta nkukauza mayi kuti mwana wake sanadzuke, zimenezi zimachitika kwa dokotala aliyense ngakhale waluso chotani. Amene amakhalitsa ndi omwe amapeza chimwemwe poona mwana yemwe anabadwa ndi mapazi opindika akuthamanga pabwalo.

Nde chaka chino chita izi. Mtima wonse pa MSCE, makamaka fizikisi ndi masamu omwe amagwetsa ambiri ofuna udokotala. Ukapeza mpata wotsogolera gulu lowerengera limodzi utenge, kufotokozera mnzako zomwe sanamve ndi chiyambi cha uphunzitsi womwe ndimakamba uja. Mayeso akatha, amayi mupite naye ku chipatala cha boma chomwe muli nacho pafupi, mukapemphe kwa akuluakulu a pamenepo ngati angalole kuti acheze ndi dokotala kapena clinical officer kwa mphindi zochepa, afunse tsiku lawo limayenda bwanji, amagona maola angati, chimawasowetsa mtendere ndi chiyani. Mu fiyeta sangamulowetse chifukwa cha malamulo oteteza odwala, koma kucheza kokhako kumatsegula maso. Ndipo ngati nkotheka bambo apite nawo, amve okha kuchokera pakamwa pa munthu yemwe ali m'ntchitomo. Zotsatira zikatuluka mundilemberenso ndi magiredi ake, tidzaone limodzi momwe angasanjire makosi pa fomu ya NCHE.