Kevin Cash analakwa, koma osati pomwe inu mukuloza achimwene

Mwandilembera pa imelo kuti mumachemerera Tampa Bay Rays, timu ya baseball ya ku America, ndipo mukaoneranso masewero achisanu ndi chimodzi a World Series (mpikisano womaliza wolimbirana chikho) ya 2020 mtima umawawabe ngati ndi dzulo. Mukufunsa ngati Kevin Cash, manejala wa Rays, anasokonezeka mutu pochotsa woponya mpira Blake Snell, kapena pali nzeru ina imene inu simukuiona. Funso limeneli limandiutsa mtima chifukwa anthu ambiri amaliyankha ndi mkwiyo wokha, ena ndi manambala okha, ndipo onsewa amasiya mbali yofunika.

Tiyambe ndi momwe zinthu zinalili. Linali tsiku la 27 Okutobala 2020, pa Globe Life Field ku Arlington, Texas. Los Angeles Dodgers inali itapambana masewero atatu, Rays awiri, kutanthauza kuti Rays ikagonja basi chikho chapita. Randy Arozarena anamenya home run (kumenya mpira mpaka kudumpha mpanda n'kugoletsa) mu inning (chigawo cha masewero) yoyamba, Rays n'kutsogola 1-0. Snell anafika mu inning yachisanu ndi chimodzi ataponya mwaukatswiri wosowa: ma strikeout 9 (kutulutsa womenya ndi mipira itatu imene walephera kumenya bwino), osapereka walk (kupatsa womenya base yoyamba mwaulere) ngakhale imodzi. Omenya atatu oyambirira a Dodgers, Mookie Betts, Corey Seager ndi Justin Turner, aliyense anali atakumana naye kawiri, ndipo kasanu ndi kamodzi konseko anabwerera kubenchi ndi strikeout. Atatulutsa munthu mmodzi mu inning imeneyo, Austin Barnes, womenya wachisanu ndi chinayi, anamenya single (hit, kapena kuti kumenya kofikitsa womenya pa base, apa yoyamba). Inali hit yachiwiri yokha usiku wonse. Snell anali ataponya mipira 73. Cash anatuluka n'kukamulanda mpira.

Analowa Nick Anderson. Betts anamenya double (hit yofikitsa pa base yachiwiri), Barnes n'kufika pa base yachitatu. Anderson anaponya mpira wopulumuka womwe wogwira kumbuyo analephera kuutchinga, Barnes n'kulowa, 1-1. Seager anamenya wapansi kulunjika kwa Ji-Man Choi, Choi anaponya kunyumba, ku base yogoletsera, koma Betts anali atafika kale, 2-1. Mu inning yachisanu ndi chitatu Betts anaonjezera home run kwa Pete Fairbanks, masewero n'kutha 3-1. Dodgers inatenga chikho chake choyamba kuchokera mu 1988.

Tsono nzeru ya Cash inali yotani? Iye mwini ananena atatha masewero kuti sanafune Betts ndi Seager amuone Snell kachitatu. Zimenezi si zopeka ayi. Manambala a MLB, ligi yaikulu ya baseball, a zaka zambirimbiri amasonyeza kuti womenya akakumana ndi woponya yemweyo kachitatu tsiku limodzi, amachita bwino kuposa ulendo woyamba. Wauona kale liwiro la fastball, wadziwa pomwe curveball imayambira kugwa, wazindikira mpira umene woponyayo amakonda akapanikizika, ndipo nthawi yomweyo dzanja la woponya layamba kulemera. Rays inamanga timu yake yonse pa mfundo imeneyi. Ndi timu yosauka poyerekeza ndi Dodgers kapena New York Yankees, ndiye m'malo mogula oponya oyambira okwera mtengo, imasonkhanitsa gulu la oponya olowa m'malo ku bullpen, aliyense kuponya mwamphamvu kwa omenya atatu kapena anayi n'kupuma. Ndi njira imeneyi anapambana masewero 40 mwa 60 chaka chimenecho.

Ndipo Snell yemweyo anali ndi mbiri yomwe okwiya amaiwala. Inde anatenga Cy Young, mphotho ya woponya wopambana, mu 2018, koma mu Julaye 2019 anamuchita opaleshoni pachigongono, ndipo chichokereni pamenepo anali asanamalizeko ma inning asanu ndi limodzi. M'masewero achiwiri a World Series yomweyo anaponya ma inning anayi osapereka hit, kenaka mu yachisanu, atatulutsa kale awiri, anapereka walk, Chris Taylor n'kumenya home run, walk ina, single, n'kuchotsedwa. Munthu ameneyu akayamba kugwa amagwa mwadzidzidzi, popanda chenjezo. Cash anaziona ndi maso ake masiku asanu ndi limodzi m'mbuyomo.

Mpaka apa ndikumumvetsa. Koma kuchotsa woponya ndi theka chabe la chiganizo, theka linalo ndi amene ukumupatsa mpira. Apa ndi pomwe Cash analakwa, ndipo sindikuona pomuikira kumbuyo. Anderson wa m'nyengo yokhazikika ya 2020 anali chilombo: ERA ya 0.55, kutanthauza kuti pa ma inning asanu ndi anayi alionse amapereka pafupifupi theka la run (chigoli). Koma Anderson wa mu Okutobala anali munthu wina. Chifukwa cha Covid-19, masewero a ma playoff (ndime yochotsana yopita ku chikho) anathithikana opanda tsiku lopuma: asanu ndi Yankees masiku asanu otsatizana, asanu ndi awiri ndi Houston Astros masiku asanu ndi awiri otsatizana. Anderson anagwiritsidwa ntchito mowirikiza, nthawi zina kupitirira ma inning awiri. Pofika usiku umenewo anali atapereka run m'masewero asanu ndi limodzi otsatizana amene analowamo. Amenewa anakhala achisanu ndi chiwiri, mbiri yoipa imene palibe woponya wolowa m'malo anali nayo mu ma playoff. Iye mwini anavomera pambuyo pake kuti thupi linali litatopa, ndipo mu Malichi 2021 anamupeza ndi mtsempha wa pachigongono wong'ambika pang'ono.

Ndiye musandiuze kuti Cash anatsata manambala. Anatsata manambala amodzi n'kutseka maso pa ena. Paja akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Snell anali pamphuno. Anderson amene Cash amamuganizira anali wa mu Ogasiti.

Pali zina ziwiri zomwe zimakulitsa mlandu. Choyamba, mu 2020 munayamba lamulo loti woponya wolowa m'malo ayenera kukumana ndi omenya osachepera atatu, kapena kumaliza inning. Cash poitana Anderson anali atadzimanga yekha kuti ameneyu aponyere Betts, Seager, mwinanso Turner, zivute zitani. Chachiwiri, Snell ndi wamanzere ndipo Seager amamenyera kumanzere, zomwe nthawi zambiri zimakomera woponya. Betts amamenyera kumanja, koma chaka chimenecho ma home run ake onse 16 a m'nyengo yokhazikika anawamenya kwa oponya akumanja, kwa amanzere amavutika. Nyengo ya masewero 60 ndi yaifupi, sungamangepo chiweruzo chachikulu, komabe palibe chimene chimakakamiza Cash kuthamangira woponya wakumanja wotopa. Ku bullpen Diego Castillo analipo. Fairbanks analipo. Dzulo lake kunalibe masewero, onse anali atapuma.

Koma chenjerani ndi aja amati woponya akakhala pamoto musamukhudze. Funsani a ku Boston. Pa 16 Okutobala 2003, m'masewero achisanu ndi chiwiri olimbirana malo mu World Series, Boston Red Sox inali patsogolo pa Yankees 5-2 pa Yankee Stadium mu inning yachisanu ndi chitatu. Pedro Martínez, woponya woposa Snell kutali, anali atatopa. Derek Jeter anamenya double, Bernie Williams single, 5-3. Manejala Grady Little anapita kukalankhula naye, aliyense n'kuganiza kuti akukamuchotsa, koma anamusiya. Hideki Matsui double, Jorge Posada double, 5-5. Pedro anachoka ataponya mipira 123, Aaron Boone n'kumaliza nkhani ndi home run mu inning ya 11. Little ntchito inatha pasanathe milungu iwiri. Mu 2015 Terry Collins wa New York Mets anali ataganiza zochotsa Matt Harvey atatha ma inning asanu ndi atatu, Mets ikutsogola 2-0 pa Kansas City Royals. Harvey anakakamira, masapota m'bwalo akuimba dzina lake, Collins n'kugonjera. Walk kwa Lorenzo Cain, double ya Eric Hosmer, ndipo Royals inapambana 7-2 mu inning ya 12 n'kunyamula chikho. Masapota omwe amatukwana Cash chifukwa chosamvera mtima akanatukwananso Collins chifukwa chomvera mtima.

Kwa ine cholakwa chenicheni chosakhululukika ndi cha Buck Showalter wa Baltimore Orioles mu 2016. Masewero amodzi okha, wogonja apite kwawo, ku Toronto. Anali ndi Zack Britton, ERA 0.54, wosalepherapo kuteteza chitsogozo kokwana 47 chaka chonse. Anamusunga kudikira kuti timu itsogole kaye, n'kulowetsa Ubaldo Jiménez mu inning ya 11. Edwin Encarnación wa Toronto anamenya home run ya ma run atatu, 5-2, Britton osaponya ngakhale mpira umodzi. Poyerekeza ndi zimenezo, za Cash n'zokambirana.

Nanga omenya anali kuti?

Apa ndi pomwe ine ndimasiyana ndi pafupifupi aliyense wa ku Tampa. Rays inagoletsa run imodzi. Imodzi. Ngakhale Snell akanatsala, kuti apambane 1-0 pamafunika kutulutsa omenya a Dodgers ena 11 popanda run, ndipo Snell sakanafika kumapeto, bullpen yomweyo ikanalowabe. Tony Gonsolin, woponya woyamba wa Dodgers, anayamba mopepera, Rays inali ndi anthu pa ma base mu inning yoyamba ndi yachiwiri, koma inawasiya pomwepo. Dave Roberts, manejala wa Dodgers, anachotsa Gonsolin atatulutsa asanu okha, n'kuitana Dylan Floro yemwe anatulutsa Arozarena ndi strikeout anthu awiri ali pa ma base. Dodgers inagwiritsa ntchito oponya asanu ndi awiri, ma strikeout 16, Julio Urías n'kutulutsa asanu ndi awiri omalizira motsatizana. Onani bwino: manejala amene anachotsa woponya wake msanga kwambiri usiku umenewo ndi amene anapambana, ndipo palibe amamufunsa. Roberts yemweyo mu World Series ya 2018 anachotsa Rich Hill Dodgers ikutsogola 4-0 pa Red Sox, n'kugonja 9-6, mpaka Donald Trump analemba pa Twitter kumudzudzula.

Cash anasankhidwa kukhala manejala wopambana wa American League mu 2020 ndi mu 2021 momwe, ngakhale mavoti amaponyedwa ma playoff asanayambe. Snell anagulitsidwa ku San Diego Padres mu Disembala 2020, anatenganso Cy Young mu 2023, ndipo pa 2 Ogasiti 2024, ali ku San Francisco Giants, anaponya ma inning onse asanu ndi anayi osapereka hit ku Cincinnati Reds. Kanali koyamba pa moyo wake wonse mu MLB kumaliza yekha masewero. Kumapeto kwa chaka chomwecho anasaina ndi Dodgers, yomwe ija.

Tsono ulendo wina manejala akakupsetsani mtima, musanamuweruze tsegulani tsamba la pa intaneti la Baseball Savant muone ngati liwiro la woponyayo limatsika komanso ngati omenya amaphonyabe mipira yake, kenaka pa tsamba la Baseball-Reference muone kuti wolowa m'malo waponya kangati sabata imeneyo ndipo zamuyendera bwanji. Pa Snell mupeza kuti omenya amaphonyabe. Pa Anderson mupeza zija ndanenazi. Kwiyirani Cash chifukwa cha Anderson, achimwene, ndipo gawo lina la mkwiyowo muwasungire omenya aja amene anabwerera kubenchi kokwana 16 osaukhudza mpira.