Batire lachiwiri ndi zigubu zodzaza musanapite ku Cahora Bassa

Achimwene, batire la galimoto lokha silingakusungeni masiku atatu m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa ku Mozambique firiji ili yoyaka. Ikani batire lachiwiri losiyana ndi lolizira injini, mulilumikize ku sola ya mawati 150 kapena 200. Mababu ndi kutchaja foni sizidya moto kwenikweni, imene imamaliza batire ndi firiji. Kuchigwa cha Zambezi mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40, ndiye firijiyo imangolira osapuma. Ine ndimaimika galimoto pansi pa bwemba, chifukwa mlambe nthawi imeneyo umakhala utayoyola masamba, kenako sola ndimaitulutsa padzuwa ndi waya wautali n'kumapukuta fumbi pagalasi lake m'mawa uliwonse. Ngati batirelo ndi la asidi, musalitsitse kupyola theka, limafa msanga.

Madzi ndiye musachite nawo chibwana. Werengerani malita 5 akumwa munthu mmodzi patsiku, ophikira ndi osamba padera. Dzazani zigubu ku Tete kapena ku Songo (tawuni ya pafupi ndi damu la Cahora Bassa), mijigo ya m'njira ina mumaipeza yowonongeka. A m'nyanja muziwiritsa kapena kuthira Certeza, mankhwala a klorini oyeretsera madzi. Potunga funsani asodzi doko labwino, ndipo musamapiteko m'bandakucha kapena kukuda, ng'ona ndi mvuu n'zambiri. Zosambira iwalani, kuli likodzo.

Mawaya a batire lachiwirilo akulumikizireni wodziwa zamagetsi a galimoto, ndipo aike fyuzi, apo ayi galimoto ingapse. Wina akayamba kutsegula m'mimba kwambiri, mpatseni madzi a ORS n'kuthamangira naye kuchipatala osadikira kuti kuche.