Telesikopu ya mwana wofuna kuona mapulaneti a nyenyezi zina

Mayi, mwafunsa kuti mugule telesikopu yanji yoti mtsikana wanu wa Fomu 3 azionera mapulaneti ozungulira nyenyezi zina. Ine ndingoti ndalamazo zisungeni kaye. Palibe telesikopu ya m'sitolo imene ingamuonetse zimenezo. Ngakhale akatswiri enieniwo, ambiri mwa mapulaneti oposa 5,000 amene apezeka sanawaone n'komwe. Amangowadziwira pa zomwe amachita kwa nyenyezi zawo.

Nthawi ya dzinja mukakhala pakhonde madzulo, ngumbi ikadutsa pababu, kuwala kumachepa pang'ono kenako n'kubwerera. Pulaneti nayo ikadutsa kutsogolo kwa nyenyezi yake zimatero. Ikakhala yaikulu ngati Jupiter, pa nyenyezi yonga dzuwa, kuwala kumachepa ndi gawo limodzi pa 100. Ikakhala ngati dziko lathuli, sikufika ngakhale gawo limodzi pa 10,000, ndiye diso la munthu lingaone chiyani pamenepo? Telesikopu ya Kepler, yomwe idatumizidwa m'mlengalenga mu 2009, idapeza mapulaneti oposa 2,600 mwa njira imeneyi. Kuchepa kwa kuwalako kumaulula kukula kwa pulanetiyo, ndipo kukamabwerezabwereza amadziwa kuti chaka chake n'cha masiku angati.

Kulemera kwake amakupezera kwina. Mukagwira mwana manja n'kumamuzungulitsa, nanunso mumagwedezeka. Nyenyezi nayo imagwedezeka chifukwa chokokedwa ndi pulaneti yake. Umu ndi mmene akatswiri a zakuthambo Michel Mayor ndi Didier Queloz adapezera 51 Pegasi b mu 1995, chimphona cha pulaneti chozungulira nyenyezi yake m'masiku anayi okha. Akaphatikiza kukula ndi kulemera, amasiyanitsa ya miyala ndi ya mpweya, monga mmene mumasiyanitsira thumba la thonje ndi la chimanga pongolinyamula.

Ndiye chomwe mungamugulire ndi bandulo ya intaneti. Pa webusaiti ya Zooniverse pali ntchito yotchedwa Planet Hunters TESS, yaulere. Amakupatsa mizere yosonyeza kuwala kwa nyenyezi zomwe telesikopu ya TESS yakhala ikuyeza kuyambira 2018, iwe n'kumachonga pomwe mzere walowa pansi. Zili m'Chingerezi, koma wa Fomu 3 sangavutike. Pakompyuta zimaoneka bwino kusiyana ndi pafoni. Masiku oyamba zimagwetsa ulesi, ndisaname, mizere yambiri imangokhala yopanda kanthu.

Ngati mtima ukufunabe chogwira m'manja, mabayinokula abwino ndi okwanira. Akawatsamiritsa pampanda kuti asanjenjemere, adzaona miyezi inayi ya Jupiter ili pamzere ngati timadontho. Muikireninso pulogalamu ya Stellarium pafoni kuti azidziwa mayina a nyenyezi. Vuto lathu kuno ku Mzuzu ndi chifunga ndi mitambo, ndiye telesikopu yodula ingamangogona m'katoni. Tsiku lomwe kwayera, pakati pa Meyi ndi Ogasiti, avale juzi, mupite naye pomwe palibe magetsi ambiri, ayang'ane kummwera. Pafupi ndi nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda pali ziwiri zowala kwambiri, ndipo yowala koposa ndi Alpha Centauri. Chapafupi pake pali kanyenyezi kosaoneka ndi maso, Proxima Centauri, komwe adapeza pulaneti mu 2016. Kuwala kochokera kumeneko kumayenda zaka zinayi ndi miyezi ingapo kuti kufike pa Katoto pano.

Masamu ndi fizikisi asazitaye, pakuti ntchito yonseyi yagona pamenepo, ndipo fizikisi amaphunzitsa pa Mzuni pompa ku Luwinga.